Laputopu ya mitima iwiri ndi funso la ufulu

Malaputopu ambiri amene amagulidwa ndi ojambula mapulani a nyumba, okonza mavidiyo ndi okonda magemu ali ndi zipangizo ziwiri zopangira zithunzi zimene timaona pa sikirini. Eni ntchito amazitcha GPU. Yoyamba imakhala m'kati mwa purosesa momwemo, ya Intel kapena ya AMD. Imeneyi ndi yofatsa, sidya moto wambiri, ndipo imakwanitsa popanda vuto ntchito za masiku onse monga kulemba kalata, kuwerenga nkhani pa intaneti ndi kuonera filimu. Yachiwiri ndi yapadera, kawirikawiri ya kampani ya NVIDIA, ndipo ili ndi memore yakeyake. Mphamvu ili nazo zankhaninkhani, koma ikangodzuka fani imayamba kulira, pansi pa laputopu pamatentha moti simungaiike pamiyendo, ndipo batire limene likanakufikitsani madzulo limatha dzuwa lili paliwombo. Choncho makinawa amakhala ndi mitima iwiri tsiku lonse: ntchito iyi aigwire wofatsayo kapena wamphamvuyo? Limeneli ndi funso la mainjiniya. Koma pansi pake pagona lina limene anthu anayamba kukangana nalo kompyuta isanalotedwe n'komwe: woyenera kupereka yankho ndani, ndipo munthu amene wina amamuyankhira zonse bwinobwino, kodi tingati ali pa ufulu?

Mu February 2010 NVIDIA inatulutsa njira yake yothetsera mitima iwiriyi, yotchedwa Optimus. M'malaputopu ambiri a mtundu umenewu sikirini inalumikizidwa ku GPU yaing'ono yokha. Yaikuluyo ilibe njira yakeyake yofikira m'maso mwa munthu. Ikapatsidwa ntchito imajambula chithunzi n'kuchipereka kwa yaing'ono kuti ichionetse, ndipo ntchito ikatha imazimitsidwa. Wogawa ntchitoyo ndi dalaiva, pulogalamu imene imalankhulitsa kompyuta ndi chipangizo, ndipo pa Windows dalaivayu anali ndi mndandanda wa mapulogalamu oyenera kudzutsira GPU yaikulu. Mwini laputopu sankadziwa kuti m'katimo mwachitika zotani. Ankangotsegula gemu, gemu n'kuthamanga. Pa Linux zimenezi kunalibe. Chaka chomwecho Dave Airlie wa ku Red Hat analowetsa mu kernel 2.6.34, phata la Linux, kachigawo kotchedwa vga_switcheroo, koma kusamutsa sikirini kuchoka ku GPU ina kupita ku inzake kunkatheka pa malaputopu okhala ndi switchi yeniyeni ya mawaya, ndipo ngakhale pamenepo munthu ankayenera kutseka mapulogalamu ake onse n'kutuluka kaye. Wogula laputopu ya Optimus n'kuikamo Linux ankapeza kuti GPU imene anailipirira ndalama zambiri yangokhala phee, ntchito sikugwira, koma batire ikumwa ndithu, ngati mlendo amene kumunda sapita koma pambale sasowapo.

Tiwaike pamodzi anthu awiriwa m'chaka cha 2011, wa Windows ndi wa Linux, aliyense ali ndi laputopu yofanana ndi ya mnzake. Otsatira Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito ya GNU mu 1983, sazengereza: mfulu ndi wa Linux, chifukwa ali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu mmene akufunira, kuiwerenga n'kuisintha, kugawirako ena, ndi kugawanso zimene wasinthazo. Ena amangoseka. Ufulu wanji wokugoneka pakati pa usiku ukulimbana ndi sikirini yakuda, mnzako atamaliza ntchito kalekale? Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zimaphonyana chifukwa mawu amodzi zikuwasenzetsa katundu wa mitundu iwiri, ndipo Chichewa chimaonetsa katunduyo bwino kuposa zilankhulo zimene mkanganowu unabadwiramo.

Munthu akakupezani mwatopa panjira n'kukunyamulani pa njinga yake, mumati wandichitira ufulu. Dziko likachoka m'manja mwa atsamunda, timati lapeza ufulu. Mawu ndi amodzi, ndipo tsinde lake ndi mfulu, munthu amene si kapolo wa wina. Makolo ankatinso mfulu ponena munthu wopatsa, mwina chifukwa kuti upatse uyenera kukhala ndi chako. Koma ufulu wochitiridwa ndi ufulu wokhala nawo ndi zinthu zotalikirana. Wochitiridwa umakhala m'manja mwa wochitayo: lero achita, mawa aleka, ndipo mlandu simungamuimbe. Philip Pettit, m'buku lake la 1997 lotchedwa Republicanism, anatsitsimutsa ganizo lakale la Aroma loti kapolo wa mbuye wachifundo akadali kapolo. Sakwapulidwa, amadya bwino, amayenda kumene wafuna, koma zonsezo zikhoza kutha tsiku limene mtima wa mbuyeyo watembenuka, ndipo iye alibe bwalo lokadandaulako. Mawu oti kapolo ndi olemera kwambiri pa nkhani ya laputopu, ndipo sindikuyerekeza masautso awiriwa. Chimene ndikutengapo ndi kaimidwe ka zinthu kokha. Wa Windows uja mu 2011 ankachitiridwa ufulu, wabwino ndithu. Anthu opemphera amadziwa kukhala pa chisomo ndipo sachita nako manyazi, chifukwa amakhulupirira kuti wopereka chisomocho sasintha. Kampani imasintha ndi msika.

Komabe chikho sitingachipereke kwa wa Linux tisanaone kuti ufulu wake unkaoneka bwanji pafupi. Mu 2011 anthu ongodzipereka anayambitsa Bumblebee, dzina lanthabwala, poti m'nkhani za Transformers Bumblebee ndi mnzake wa Optimus Prime. Njira yawo inali yozungulira: kuyatsa seva ya X (pulogalamu yoyendetsa sikirini pa Linux) yachiwiri, yosaoneka, pa GPU ya NVIDIA, kujambulira zithunzi kumeneko, kenako kuzikoka kudzera mu VirtualGL n'kuziponya pa sikirini ya Intel. Liwiro lina linkathera panjira. Munthu ankayenera kulemba optirun patsogolo pa dzina la pulogalamu iliyonse yofuna mphamvu, ndipo kuti GPU yaikulu izime panafunika kachigawo kena, bbswitch, kamene Peter Wu analemba potsata malamulo a ACPI obisika m'malaputopuwo. Ndiye panagwa ngozi imene anthu a Linux amaisimbabe mpaka lero. M'fayilo yoikira Bumblebee munali mzere wofuna kufufuta kafoda kamodzi ka NVIDIA kokhala pansi pa /usr/lib, koma pambuyo pa /usr panalowa kampata kosafunika, kochepa ngati njere ya mpunga. Lamulo la rm -rf silifunsa kawiri. Linafufuta /usr yonse, kumene kumakhala pafupifupi mapulogalamu onse a kompyuta. Aliyense wonena kuti khodi yotseguka ndi paradaiso ayambe wakawafotokozera amene anataya makina awo tsiku limenelo. Koma pali chinanso choti tione: wolakwiridwa anatha kutsegula fayiloyo, kuloza mzerewo ndi chala, n'kunena kuti vuto ndi ili, ndipo kukonza kwake kunachitika aliyense akuona.

Cholakwa choyamba cha okonda Linux ena ndi kusokoneza ufulu ndi kuchuluka kwa zosankha. Amaona ngati wolemba optirun nthawi ndi nthawi, kapena wa Ubuntu amene pambuyo pake ankalemba prime-select n'kutuluka n'kulowanso kuti asinthe GPU, ali pamwamba chifukwa chisankho chikudutsa m'zala zake. Si zoona. Mayi wosenza ndowa ya madzi pamutu saganizira phazi lililonse; akanati aziganizira, madzi akanatayika ndipo nkhani imene akucheza ndi mnzake ikanaduka. Alfred North Whitehead, m'buku lake la masamu la 1911, anatsutsa chiphunzitso choti munthu ayenera kuganizira chilichonse chimene akuchita, ndipo pamenepa anali kukhoza. Maganizo a munthu ndi owerengeka. Amene wawathera pa kusankha GPU wawachotsa pa pulani ya nyumba imene amajambula. Umboni woti opanga Linux ankadziwa zimenezi ndi ntchito yawo yomwe. Mu 2012 anabweretsa PRIME, njira yoti ma GPU awiri azipatsirana zithunzi mwachindunji, moti pa madalaiva otseguka a Mesa kunkangofunika kulemba DRI_PRIME=1. Kenako switcheroo-control ya Bastien Nocera inachititsa kuti pa desikitopu ya GNOME munthu azingodina chizindikiro cha pulogalamu n'kusankha GPU yapadera. Kenako pulogalamu inaloledwa kudzinenera yokha kuti imakonda yaikulu, ndipo kernel nayo inali itaphunzira kale kuigoneka ikakhala chabe. Ulendo wonsewu ukulowera kumene Windows inali kale mu 2010, kuti munthu asamavutike ndi kusankha. Kukanakhala kuti ufulu ndi kusankha ndi dzanja, bwenzi tikunena kuti anthuwa anatha zaka akudzimangira ndende.

Nanga ngati onse awiri akhoza kufika poti makina aziwasankhira, akusiyana pati? Tiganizire anthu awiri a m'tauni, aliyense ali ndi mbuzi kumudzi. Woyamba anasungitsa zake kwa mlamu wake. Sadziwa kuti lero zadya kuti, ndipo safuna kudziwa. N'chifukwa chake anasungitsa. Koma tsiku limene wamva kuti zikuwonda akhoza kupita kukhola, kuziwerenga, kufunsa, n'kuzitsogoza kwa wina. Wachiwiri anagula mbuzi kwa munthu amene anati zizikhalabe m'khola lake lokhoma, iye azingolandira phindu. Nayenso sadziwa kumene zadya, ndipo chifukwa wogulitsayo ndi katswiri woweta, ndiwo za pa Khirisimasi zimafika zonona kuposa za mnzake. Pa tsiku labwino wachiwiriyu ndiye amaoneka wochenjera. Kusiyana kwawo kumaonekera tsiku loipa lokha, ndipo n'chifukwa chake kuyerekeza malaputopu awiri tsiku limene atulutsidwa m'katoni sikungatiuze kanthu za ufulu. Pamafunika kudikira zaka.

Zakazo zinadutsa. Mu August 2019, patatha zaka 9 chitulukire Optimus, dalaiva 435.17 wa NVIDIA anafika pa Linux ndi njira yoti pulogalamu imodzi ipite ku GPU yaikulu zina zonse zitatsala pa yaing'ono. Unali ufulu wochitiridwa weniweni, ndipo anthu anauyamikira. Koma amene anadikira nthawi yaitali kuposa onse sanaulawe. Malaputopu oyambirira a Optimus anali atasiyidwa kale pa nthambi zakale za dalaiva: a GeForce 300M pa 340, imene kampani inasiya kuisamala kumapeto kwa 2019, ndi a m'badwo wa Fermi pa 390, imene inasiyidwa kumapeto kwa 2022. Pa dalaiva wa kampaniyo, ngakhale kuzimitsa GPU yokha ikakhala chabe kunaperekedwa kuyambira pa m'badwo wa Turing wa 2018 kupita mtsogolo. Dalaiva wotseka amayenera kugwirizana ndi kernel komanso seva ya X, ndipo ziwirizi sizima malo amodzi. Zikasuntha, dalaivayo amathyoka. Anthu ongodzipereka amatha kusoka zigamba pa kachikopa kopyapyala kamene kali poyera, kwa kanthawi, koma mtima wa dalaivayo sangaukhudze. GPU ili bwinobwino, palibe waya wapsa, koma mwini wake sangaigwiritse ntchito mmene ankachitira dzana, chifukwa munthu wina kutali anawerengera ndalama n'kuona kuti sizikupindulitsanso.

Wina anena kuti nawonso a khodi yotseguka amataya zakale, ndipo akunena zoona. Mu 2022 Mesa 22.0 inachotsa madalaiva angapo akale, kuphatikizapo i965 amene ankayendetsa ma GPU a Intel a zaka zambiri. Koma taonani zimene zinachitika chaka chimodzi m'mbuyo mwake: Dave Airlie ndi Ilia Mirkin anali atalemba kale Crocus, dalaiva watsopano wa ma GPU a Intel omwewo, kuyambira a 2006 mpaka m'badwo wa Haswell wa 2013. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense, chifukwa khodi yakale ndi mabuku a zipangizozo zinali poyera. Ndiye mu laputopu imodzi yomweyo ya 2011, pansi pa kiyibodi imodzi, GPU yaing'ono ili ndi dalaiva wolembedwanso mu 2021, pamene yaikulu inasiyidwa ndi eni ake ndipo kamoyo kamene ili nako ndi ka nouveau, dalaiva amene anthu anamupanga mochita kufufuza ndi kuyesayesa popanda mabuku. Nkhaniyi imatikhudza kuno kuposa kumene makinawa amapangidwa. Malaputopu ambiri amene amagulitsidwa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka ndi a kaunjika, otha kale zaka m'maofesi a kunja, ndipo kumene magetsi amazimazima GPU yokana kugona si nkhani ya akatswiri ayi, ndi ntchito yoduka pakati. Tsiku loipa la ena ndiye tsiku limene ife timagula.

Pali kusiyananso pakati pa kukhala chete ndi kukhoma. Kampani yosatulutsa mabuku a chipangizo chake yangokhala chete, ndipo anthu akhama akhoza kudzipezera okha njira, monga a nouveau anachitira kwa zaka zambiri. Koma kuyambira pa GeForce GTX 900 ya 2014, ma GPU a NVIDIA anayamba kukana firmware, kapulogalamu koyenda m'kati mwa chipangizo momwemo, ikakhala yopanda siginecha ya kampaniyo. Inanena kuti ndi nkhani ya chitetezo, ndipo chifukwacho sichopanda pake. Pambuyo pake inatulutsa firmware yosainidwa yokwanira kuti nouveau azijambula zithunzi, koma osati yoyendetsera mphamvu ndi liwiro. Zotsatira zake n'zoti GPU yoteroyo pa dalaiva wotseguka imayenda pa liwiro lotsika limene inadzuka nalo, ngati galimoto yomangidwa pa giya yoyamba. Apa nzeru ndi khama sizithandizanso, chifukwa loko ali m'kati mwa chitsulo chimene munthu anagula ndi ndalama zake.

Chotsutsa chimene chimamveka kawirikawiri n'choti ufulu umenewu ndi wa anthu owerengeka. Mwa anthu ogwiritsa ntchito Linux, angati angawerenge khodi ya dalaiva wa GPU? Kwa otsalawo, akuti, khodi yotseguka ndi yotseka n'chimodzimodzi, zonse ndi mdima. Koma ganizoli likuiwala mmene anthu amakhalira. Wosadziwa kukonza injini amapindulabe ngati boneti ya galimoto yake imatseguka, chifukwa akhoza kupita kwa makaniki aliyense, ndipo uyu akamunamiza apita kwa wina. Wosadziwa malamulo amapindula ndi bwalo lozengera milandu poyera ngakhale sadzaimapo n'kulankhula. Ufulu wokhala nawo sufuna kuti uzichita zonse wekha. Umafuna kuti uthe kusankha womutuma ndi kumuchotsa. Amene anaika bbswitch ambiri sankadziwa kuti ACPI n'chiyani, koma munthu mmodzi wodziwa anawazimitsira GPU onsewo, ndipo palibe akanamuletsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwina vuto la mkangano wonsewu n'loti timafunsa ngati munthu mmodzi payekha ali pa ufulu, pamene ufulu wamtunduwu ndi wa mudzi.

Chotsutsa cholimba kwambiri n'china, ndipo okonda Linux sakonda kuchikumbutsidwa. Mu June 2012, pa yunivesite ya Aalto ku Finland, mayi wina mwa omvera anadandaulira Linus Torvalds za laputopu yake ya Optimus. Torvalds anati NVIDIA ndi kampani yovuta kuposa zonse zimene anagwirapo nazo ntchito, n'kuitukwana ndi chala kamera ikujambula. Anthu anaomba m'manja, koma laputopu ya mayiyo sinachire ndi chalacho. Chaka chomwecho injiniya wa NVIDIA anapempha kuti dma-buf, njira ya mu kernel imene PRIME imadalira popatsirana zithunzi, itsegulidwe kwa madalaiva otseka, chifukwa inali ndi chizindikiro choti ndi ya khodi ya laisensi ya GPL yokha. Alan Cox, mmodzi wa akuluakulu a kernel, anakana kwamtuwagalu. Ndiye wotsutsa amafunsa: kodi apa wokhoma ndani? Kampani inabwera kudzathandiza, inu n'kuitsekera chitseko m'dzina la ufulu, wovutika n'kukhala munthu wamba. Isaiah Berlin, polankhula ku Oxford mu 1958, anachenjeza za anthu amene amapanikiza anzawo ponena kuti akudziwa ufulu wawo weniweni kuposa eni ake, ndipo nkhaniyi ili ndi kafungo kameneko. Sindingakane kuti mtengo wa kukanako unagwera anthu amene sanafunsidwe. Komabe maloko awiriwa si ofanana. Chizindikiro cha GPL chili pa mzere wa khodi umene aliyense akhoza kuuwerenga, ndipo mwini laputopu akhoza kuusintha pa makina ake n'kumanganso kernel popanda kulakwira laisensi, chifukwa GPL imagwira munthu pamene akugawira ena. Chimene chinakanidwa n'choti kampani itenge ntchito ya mudzi n'kuimangirira ku chinthu chimene mudziwo sungachione. Siginecha ya firmware, mwini laputopu sangaisinthe ngakhale atakhala katswiri wotani. Loko woyamba kiyi wake ali pa khomo pomwepo. Wachiwiri kiyi ali ku likulu la NVIDIA ku Santa Clara. Kaya kukanako kunali kwanzeru pa nthawi yake, anthu akhoza kusiyana maganizo, ndipo ine ndimaona kuti amene amati kunalibe mtengo uliwonse sananyamulepo laputopu yotentha.

Kampani nayo ili ndi mbali yake. Inawononga ndalama zambiri kupanga zipangizozi, ili ndi opikisana nawo, ndipo palibe anakakamizidwa kugula. Wofuna madalaiva otseguka akanagula laputopu ya AMD, imene inayamba kutulutsa mabuku a ma GPU ake mu 2007, kapena kukhutira ndi ya Intel yokha. Zonsezi n'zoona, ndipo mfundo yanga sikuti kampani yosunga chinsinsi ndi yoipa mtima. Munthu akhoza kuvomera ndi maso ake otsegula kukhala pa chifundo cha wina, chifukwa phindu lake ndi lalikulu, ndipo nthawi zambiri amakhala wasankha bwino. Chimene sindivomereza ndi kusintha dzina la chinthucho. Wogula ankaganiza kuti wagula, ndipo pa chitsulo anaguladi, koma pa mphamvu yochigwiritsa ntchito anabwereka, ndipo tsiku lobweza silinalembedwe pa katoni. Kuvomera kumene sikudziwa malire a chimene ukuvomera ndi kopepuka. Kwa wogula wachiwiri ndi wachitatu, amene amasankha pakati pa malaputopu atatu amene ali pa shelefu tsiku limenelo, mawu oti akanagula ina ndi nthabwala chabe.

Mu May 2022 NVIDIA inatsegula khodi ya mbali ya dalaiva wake yokhala mu kernel, pa laisensi za GPL ndi MIT, ndipo pofika 2024, pa nthambi ya 560, mbali yotsegukayo inakhala yoyamba kusankhidwa pa ma GPU atsopano. Okayikira anaona msanga kuti ntchito yambiri inali itasamutsidwira mu firmware yotseka yoyenda pa kapurosesa ka GSP m'kati mwa GPU momwemo, ndiponso kuti mbali ya OpenGL, Vulkan ndi CUDA inakhalabe yotseka. Anawonjezera kuti AMD ndi Intel nawonso amadalira firmware imene palibe wakunja angaiwerenge. Kodi zimenezi zikugwetsa mfundo yonse, poti palibe laputopu imene ili yotseguka mpaka pansi? Sindikuona choncho. Zikungoonetsa kuti ufulu wokhala nawo umabwera m'miyezo, monga mmene ulili pa china chilichonse. Palibe mlimi amene amalamulira mvula, koma wolima munda wake ndi wolima wobwereka sali pamodzi. Funso loyenera n'loti malire ali pati, ndipo tsiku loipa likafika mudzi ungachite zochuluka bwanji popanda kugogoda pa khomo la kampani. Malirewo anasunthadi. Kuyambira pa Linux 6.7 ya January 2024, nouveau amatha kulankhula ndi firmware ya GSP n'kukweza liwiro la ma GPU a Turing ndi otsatira, ndipo mu Mesa muli NVK, dalaiva wotseguka wa Vulkan. Munthu wa laputopu yoteroyo ali ndi njira yachiwiri imene mnzake wa 2011 analibe. N'zoseketsa pang'ono kuti ufulu wokhala nawowu unayamba ngati ufulu wochitiridwa, kampani itaona kuti ikupindula nawo. Koma khodi ikangotuluka pa laisensi zimenezi sibwezedwanso, ndipo pamenepo mphatsoyo inasiya kudalira mtima wa wopereka.

Pakati pa mibadwo iwiriyi panatsala gulu limene silinapeze mbali. Ma GPU a Pascal, monga GTX 1050 ndi GTX 1060 amene anadzaza malaputopu a magemu kuyambira 2016 ndi 2017, pamodzi ndi a GTX 900 okhoma aja, ndi atsopano kwambiri moti nouveau sangawakwezere liwiro popanda siginecha, komanso ndi akale kwambiri moti khodi yotseguka ya 2022 siwadziwa, chifukwa alibe GSP. Mu 2025 NVIDIA inalengeza kuti nthambi ya 580 ndiyo yomaliza kuwasamala. Malaputopu amenewa ndi olimba, ndipo ndi omwe akutsika m'makontena panopa. Adzayenda bwino malinga dalaiva wotsekayo akugwirizana ndi kernel ya nthawiyo, ndipo pambuyo pake malinga zigamba zikugwira. Zikadzasiya kugwira, mwini wake adzatsala ndi zinthu ziwiri: kuumirira pa kernel yakale imene sikulandiranso zokonza za chitetezo, kapena kulola kernel yatsopano igoneke GPU yaikuluyo n'kumagwira ntchito zake zonse pa ya Intel, fani ili zii, batire likufika madzulo.